Galu wankhope ya pusi amene amabusa nkhuku ku Area 47

Anzanga a Fomu 3, aphunzitsi a Agriculture atanena kuti mtundu wa chiweto umasankhidwa malinga ndi ntchito yake, ambiri munaganiza za ng'ombe zamkaka ndi nkhuku zoikira mazira. Ine ndinaganiza za galu.

Timakhala ku boyizikota ku Area 47, pakhomo pomwe bambo anga amasamalira maluwa. Abwana awo anabwera ndi galu wa mtundu wotchedwa Cão da Serra de Aires. Kwawo kwa mtunduwu ndi ku Portugal, dziko lija linalamulira Mozambique mpaka 1975, makamaka m'chigawo cha Alentejo. Si galu wamkulu ayi, kuchoka pansi kufika paphewa ndi masentimita 42 mpaka 55 basi. Ubweya wake ndi wautali, wokhakhala ngati wa mbuzi, ndiye kuli ndevu ndi nsidze zowirira. Apwitikizi amamutcha cão macaco, kutanthauza galu wonga pusi. Tsiku loyamba mng'ono wanga analiyatsa liwiro, ati waona chilombo.

Kwa zaka zambiri abusa a kumeneko ankasunga agalu okhawo odziwa kusonkhanitsa nkhosa, mbuzi, ng'ombe ngakhale nkhumba, ndi kubweza zosochera. Khalidweli linalowa m'magazi. Wathuyu chibwerere kuno sanaonepo nkhosa, koma nkhuku za amayi zikabalalika amazizungulira mpaka ziunjikane pakona ya mpanda, osaluma ngakhale imodzi. Ifenso tikamasewera mpira salola wina kutalikira anzake. Amamva msanga, amakakamira munthu amene wamuzolowera, koma mlendo samukhulupirira, ndipo usiku kakangoti khwakhwa iye wadzuka kale.

Abwana atapita kutchuthi, mlonda wina anatilangiza kuti tizimutsekera m'kakhola tsiku lonse, monga amachitira makomo ambiri kuno, ati kuti azilusa usiku. Tinamvera. Pasanathe milungu iwiri galu uja anasintha. Ankauwa osalekeza, kutafuna matabwa a khola, chakudya osachifuna. Tsiku lina anapulumuka n'kugwira mwendo wa thalauzi wa bambo wina wogulitsa makala. Mwamwayi dzino silinafike pakhungu, koma bambo anga ntchito ikanawathera pomwepo. Funso loyamba la mkulu uja linali lakuti, "Kodi anabayitsa katemera wa chiwewe?" Khadi linalipo, ndiye linatipulumutsa. (Apa ndikumbutse: galu akakuluma, tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo.)

Ine sindimuimba mlandu galuyo. Mbusa wozolowera kuyenda tsiku lonse pambuyo pa ziweto, ukamuika m'bokosi mphamvu zakezo azipititsa kuti? Agalu athu a kumudzi ena amawanyoza kuti ndi achabechabe, koma amene amatsagana ndi anyamata kubusa kapena kosaka sindinawaonepo akupenga chonchi.

Bambo anasiya kumutsekera. Tsopano m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimamuyendetsa pachingwe kwa theka la ola, madzulo n'kumamuponyera mpira kuti akatole. Khola lija amayi akusungiramo makala. Vuto latsala ndi ubweya: nyengo ino umakola chisoso ndi nkhupakupa, ndipo ntchito yoperesa Loweruka lililonse inagwera ine.