Wogula amene sanalonjeze kanthu

M'bale wanga, inu amene mwagula kamera n'kuyamba kuitanidwa ku maukwati ndi zinkhoswe, tamverani za Mathew Brady.

Brady anatsegula situdiyo yake ku New York mu 1844. Luso anali nalo ndithu, ndipo anthu otchuka ankapita okha kukajambulitsa kwa iye. Mu February 1860 anajambula Abraham Lincoln asanakhale pulezidenti. Ndalama zinkalowa bwino. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itabuka mu 1861, mtima unamuuza kuti aijambule yonse. Analemba ntchito akatswiri monga Alexander Gardner ndi Timothy O'Sullivan, n'kuwagulira ngolo zokhala ndi kachipinda kamdima, chifukwa chithunzi chinkajambulidwa pa galasi lopaka mankhwala lomwe linkayenera kutsukidwa lisanaume. Magalasi otere anapitirira 10,000. Ndalama zimene anathira pamenepo zinaposa madola 100,000.

Apa ndiye tiime kaye. Anamutuma ndani? Boma linangomulola kutsatira asilikali, koma zolipira zonse zinali zake. Panalibe pepala, panalibe siginecha, panalibe ngakhale kandalama koyambira. Brady anangodziuza mumtima kuti nkhondo ikatha boma ligula basi, ntchito yokongola chonchi angaikane ndani? Ndi chikhulupiriro chimenechi ankatenga magalasi ndi mankhwala pangongole ku kampani ya E. & H. T. Anthony. Ngongoleyo inali yolembedwa m'buku, pamene wogulayo anali m'mutu mwake mokha.

Inu nanga? Mwajambula maukwati angati chifukwa cha mawu akuti "tionana mwambo ukatha"? Lenzi munatenga pakatapila ija, mudzabweza ndi ndalama ya ndani? Mukaona kuti simungatchule dzina la amene adzalipire, tsiku lake ndi mtengo wake, dziwani kuti zinthu zayamba kupendekeka. Chizindikiro china n'chobisika: mukuchita manyazi kutchula mtengo chifukwa ntchitoyo mumaikonda, ndiye kulipiritsa kukukhala ngati kuichitira mwano. Anthu akuyamikira zithunzi zanu pa Facebook, inu mukusangalala, lendi ya situdiyo ikudikira. Ndimawaona achinyamata otere, ndipo kawirikawiri amakhala aluso kuposa anzawo.

Nkhondo itatha mu 1865, anthu anali atatopa ndi maliro. Zithunzi za mitembo ya pa nkhondo ya ku Antietam, zimene anakhamukira kukaziona mu 1862, sanazifunenso. Magalasi ena anapita kwa a Anthony kulipirira ngongole. Situdiyo ya ku New York anaitaya. Mu 1875 nyumba ya malamulo inamupatsa madola 25,000 chifukwa cha zithunzizo, koma angongole anali atatchera kale manja.

Brady anamwalira pa 15 January 1896 m'chipinda cha odwala osauka ku Presbyterian Hospital, maso atafooka, m'thumba muli mbee. Zithunzi zija lero zikusungidwa ku National Archives ndi ku Library of Congress. Maliro ake anachita kusonkheredwa ndi asilikali akale.