Khosi Likamauma: Zimene Manja a Katswiri Angachite, ndi Zimene Mungachite Pakhomo

M'khosi muli mafupa 7, ndipo pakati pa ambiri mwa iwo pali kanthu kofewa kotchedwa disiki, kamene kamakhala ngati nkhata kuti mafupa asakhulane. Munthu akamakula, madisikiwa amauma ndi kuphwa, makamaka kumunsi kwa khosi kumene kumalemedwa kwambiri. N'chifukwa chake ena amadzuka khosi lili gwa, kucheuka mpaka atembenuke thupi lonse, ululu n'kumatsikira paphewa kapena m'mkono.

Chithandizo china chimene anthu amafuna ndi cha osteopathy. Anachiyambitsa ndi Andrew Taylor Still ku America mu 1874, ndipo katswiri wake amagwiritsa ntchito manja: amatikita minofu, kuikoka pang'onopang'ono ndi kuyendetsa mfundo zouma. Ku Britain akatswiriwa amalembetsedwa ndi General Osteopathic Council, ku South Africa ndi Allied Health Professions Council, choncho muli ndi ufulu wofunsa ngati munthuyo ali m'kaundula. Ku Malawi ntchito yofanana nayo imagwiridwa ndi madokotala a mafizo m'zipatala monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Dziwiranitu kuti palibe manja amene angabwezeretse disiki yophwa. Chimene amachita ndi kumasula minofu imene yakungika chifukwa cha ululu, kuti khosi liyambenso kuyenda. Zimenezi si zazing'ono kwa munthu amene wakhala osagona bwino, koma wokulonjezani kuti akuchizani kotheratu musamukhulupirire. Mukapita, fotokozani zonse: mankhwala amene mukumwa, ngati muli ndi BP, ngati munagwapo kapena kuchita ngozi. Ndipo akafuna kupotokola khosi mwadzidzidzi mpaka mafupa kulira, mukhoza kukana n'kupempha njira yofatsa. Sizichitika kawirikawiri, koma kupotokola kotero kungang'ambe mtsempha wopita ndi magazi ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Pakhomo ndiye ayi ndithu. Mwana, mlamu kapena wometa tsitsi, ngakhale akufunireni zabwino, asakugwedezeni mutu kuti akuwongoleni khosi.

Ntchito yaikulu ili kunyumba. Thowani khosi ndi thaulo loviika m'madzi ofunda, osati owotcha, kwa mphindi 15 kapena 20. Likafewa, khalani tsonga, yang'anani kutsogolo, ndipo bwezani chibwano m'mbuyo osaweramitsa mutu. Werengani mpaka 5, masulani, bwerezani kangapo. Kenako cheukani pang'onopang'ono uku ndi uku, kulekezera pamene ululu ukuyambira. Kuchita pang'ono tsiku lililonse kumathandiza kuposa kudzikakamiza tsiku limodzi. Kungogona osadzuka kapena kuvala kolala yochirikiza khosi masabata ambiri kumafooketsa minofu.

Pilo akhale mmodzi, wongodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa. Gonani chagada kapena cham'mbali, osati chafufumimba. Foni ikwezeni kufupi ndi maso m'malo moiweramira. Nkhani yosenza ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa amayi ambiri sangangoti aleka. Chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, zonsezo pa madisiki otopa kale. Tungani theka, yendani kawiri, kapena ana ndi abambo atengeko mbali ndi njinga kapena wilibala. Fodya nayenso amafulumizitsa kuuma kwa madisiki.

Panado amachepetsa ululu. Bulufeni musamwe musanafunse kuchipatala ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena muli oyembekezera.

Pali zizindikiro zina zosafunika kuthowa kapena kutikita. Manja akamachita dzanzi losatha, zinthu zikamapulumuka m'manja, mabatani akamakanika kumanga, miyendo ikamadzandira kapena mkodzo ukamavuta kuugwira, n'kutheka kuti mtsempha waukulu wa mumsana ukupanikizika. Ululu wa khosi ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, akuyezeni TB ya mafupa. Mukaona chimodzi mwa izi, kapena ululu ukayamba mutagwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.