Mpama si chinangwa

Mu February 2002, pamene Bakili Muluzi ankalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi ya njala, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa kale. Anthu a m'maboma a chigawo chapakati analowa m'tchire ndi makasu kukakumba mizu. Ena anafa ndi njala. Koma ena anafa atadya, chifukwa mizu yomwe anakumbayo inali ndi poizoni.

Umodzi mwa mizu imene anthu amathamangira pa njala ndi mpama, chilazi cham'tchire. Iwe m'bale wanga wa kunyanja ku Nkhotakota, ndikudziwa chimene ukuganiza: ife a kondowole kuviika timakudziwa. Ngozi yagona pomwepo. Poizoni wa chinangwa chowawa amatha chikamavunda m'madzi ndi kuuma padzuwa. Wa mpama ndi wina. Dzuwa silimuchotsa, ndipo kuwiritsa kamodzi sikokwanira. Amatuluka pang'onopang'ono, madzi akamamutsuka. N'chifukwa chake akuluakulu ankausenda, n'kuudula timapisi topyapyala, kuuwiritsa, kutaya madziwo, kenaka kuuviika m'madzi oyenda masiku angapo.

Tsono ganiza. Ana akulira kuyambira dzulo, mphika uli pamoto. Udikira masiku amenewo? Kapena ulawa kapisi kamodzi, n'kunena kuti sikakuwawa kwenikweni? Anthu amalakwa apa. Amadula mapisi ochindikala kuti ntchito ithe msanga. Amaviika m'ndowa osasintha madzi. Amagawira ana poyamba, mwachifundo, pomwe thupi la mwana ndilo limagonja msanga. Ndipo ndani anakuphunzitsa kusiyanitsa mitundu ya mpama? Wina uli ndi masamba atatuatatu ndi minga, wina tsamba lake n'lofanana ndi la chilazi chakumunda, koma nawonso umaledzeretsa.

Njala siinapite ndi 2002. Madzi osefukira anakokolola minda ku Dwangwa mu 2024, chaka chomwe Lazarus Chakwera analengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Khasu lingakulowetse m'tchire nawenso.

Ukamva kuwawa kapena kuyabwa m'kamwa, lavula. Munthu akayamba chizungulire, kusanza, kulankhula zosamveka kapena kunjenjemera ngati wa khunyu, usanene kuti agone kaye, kudzacha. Usamumwetse chilichonse ngati wakomoka. Mugoneke cham'mbali, pezani njinga, thamangani naye kuchipatala cha boma kapena cha St Anne's. Onse amene anadya nawo apite, ndipo mutenge mpama wotsalawo akauone adokotala.