Musanagule batire lina, yambani mwagula mita yoyezera magetsi

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mbewu. Ndikufuna tikambirane za kachipangizo kamene amakaniko amangokatchula kuti mita, ena amati tesita, pomwe pa katoni yake amalemba kuti multimeter. Ambiri a ife tili ndi kapikiyapu kakale, njinga yamoto kapena batire la sola pakhomo, ndipo zikavuta timathamangira kukagula chatsopano tisanadziwe chimene chadwala.

Ine zinandionekera chaka china m'nyengo ya tomato. Ndinapakira madengu madzulo kuti m'bandakucha ndilawirire ku msika wa Lizulu. Nditatembenuza kiyi, galimoto inangoti ke-ke-ke, kenaka zii. Anyamata anakankha mpaka inalira, koma tinakafika dzuwa litakwera, ogula ochokera m'tauni atapakira kale tomato wa anzanga. Wanga ndinagulitsa motaya. Makaniko wina wapamsikapo anangotsegula boneti nanena kuti batire latha, ndipo ine ndinagula latsopano ndi ndalama yomwe ndinasungira aganyu. Pasanathe sabata ziwiri latsopanolo linafanso. Apa mlamu wanga anabwera ndi kamita kake, n'kugunditsa zingwe pa mitu ya batire injini ikulira. Inawerenga 12.3. "Alamu, batire lanu lilibe mlandu, alitaneta ndiyo sikutchaja," anatero. Batire lakale lija, lomwe ndinatsala pang'ono kuligulitsa kwa ogula zitsulo, linayatsa magetsi m'nyumba mwanga kwa nthawi yaitali ndithu.

Chipangizochi si cha dzulo ayi. Anachiyambitsa ndi Donald Macadie, injiniya wa Post Office ya ku Britain, yemwe anatopa ndi kunyamula zoyezera zosiyanasiyana pokonza mawaya a telefoni. Chinayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1923 pa dzina loti Avometer, chifukwa chimayeza zinthu zitatu zoyamba ndi A, V ndi O: maampu, mavolti ndi maomu. Kuti timvane, ganizirani paipi yothirira kudimba. Mavolti ali ngati mphamvu imene ikukankha madzi, maampu ndi kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipimo, pomwe maomu ndi kuthina kapena kutsekeka kwa paipiyo.

Tsono mukafika m'sitolo mupeza mitundu iwiri. Ilipo ya muvi woyenda pa mizeremizere, ilipo ya manambala. Kwa munthu wongoyamba kumene ine ndimati tengani ya manambala. Chifukwa chake n'chakuti nkhani yonse ya batire ili pakati pa 12.0 ndi 12.6, ndipo kampata kameneka pa mita ya muvi n'kochepa ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Komanso mukasemphanitsa zingwe, ya manambala imangoonetsa kamzere kutsogolo kwa nambala, pomwe ya muvi imamenyetsa muviwo chammbuyo. China n'chakuti mita ya manambala imakoka magetsi ochepa zedi poyeza, choncho siivutitsa kompyuta ya galimoto zamakonozi, zomwe kababu koyesera kaja nthawi zina kamatha kuziononga.

Musanapereke ndalama, yang'anani pa chotembenuza chija. Payenera kukhala mbali yolembedwa DCV kapena V ya kamzere kowongoka ndi timadontho pansi pake, ndipo pambali imeneyi pakhale nambala 20. Apa ndiye pamene mudzagwirirapo ntchito masiku ambiri. Ngati muli ndi lole ya mabatire awiri, ya mavolti 24, mudzaika pa 200. Chimodzimodzinso poyeza sola padzuwa isanalumikizidwe: sola yotchedwa ya 12 imatulutsa 21 kapena 22, ndipo mita ili pa 20 imangoonetsa 1 kumanzere kwa galasi. Ambiri amaganiza kuti yafa, chikhalirecho ikungonena kuti nambala yapyola malire. Ziliponso mita zosankha zokha malirewa, zolembedwa auto range. N'zabwino ngati thumba likulola, koma si zokakamiza.

Chachiwiri, ndipo ichi musanyengerere, ikhale ndi kabelu. Mukaika pa chizindikiro chonga mafunde a mawu n'kugunditsa nsonga za zingwe ziwirizo, iyenera kulira kuti piii nthawi yomweyo. Kabelu aka ndiko kamakuuzani ngati fyuzi yapsa kapena waya waduka m'kati mwa chikopa chake, uku mutu wanu uli pansi pa chiwongolero simukuona galasi. Timita tachikasu kapena takuda tolembedwa DT830 tadzaza m'misika, koma si tonse tili ndi kabelu. Yesani wogulitsa akuona.

Kodi timita totchipati n'toipa? Ine sindititaya. Poyeza batire ndi alitaneta timanena zoona mokwanira, ndipo ine ndinayambira pomwepo. Vuto lake lili pa zingwe, zomwe zimakhala zoonda ndipo zimaduka pakhosi msanga, komanso pa bowo la 10A lomwe nthawi zambiri lilibe fyuzi. Pena amachita kulembapo kuti unfused. Ngati mungakwanitse, onjezani pang'ono mutenge yokhala ndi fyuzi pa bowolo, yovala mphira kunja kwake kuti ikagwa kuchokera pa boneti isasweke, ndiponso yodzizimitsa yokha. Za Uni-T za ku China ndi Sanwa za ku Japan zili m'gulu lapakatili. Fluke ya ku America ndi yolimba kwambiri, koma mtengo wake ndi wa munthu amene amadyera ntchito ya magetsi tsiku ndi tsiku. Ife oyeza kamodzi pa mwezi, ndalamayo kuli bwino ipite ku mbewu.

Mukafika nayo kunyumba, chingwe chakuda chilowe pa bowo la COM, chofiira pa bowo la V. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo fodya akhale kutali pakuti batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Yezani m'mawa galimoto itagona usiku wonse, chofiira pa mutu wa +, chakuda pa mutu wa −. Batire lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha mavolti 2.1, choncho lodzaza limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala ngati theka. Likafika pa 12.0 kapena kutsikirapo, lili pafupi kuuma ndipo lifunika kutchaja lisanaonongeke. Mukaona nambala ya m'ma 10 ngakhale mutatchaja, kawirikawiri chipinda chimodzi chafa.

Nambala imeneyi payokha siitha nkhani, chifukwa batire lokalamba limatha kuonetsa 12.6 koma lilibe mphamvu, ngati thumba la chimanga chofumbwa. Choncho uzani mnzanu alize injini inu mukuyang'ana galasi. Nambala idzatsika, koma isatsike kupyola 9.6. Ikagwera pa 7 kapena 6 batire lili lotchajidwa bwino, pamenepo ndiye mungayambe kulikayikira. Injini ikalira, pondani mafuta pang'ono. Alitaneta yabwino imakweza nambala kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 ngati mmene inachitira yanga, onani lamba kaye ngati sanakhwefuke, kenaka mupite nayo alitaneta kwa okonza. Ikapyola 15 ndiye kuti ikuphika batire, ndipo mudzaona madzi akutha msanga. Galimoto zina zatsopano zimakweza ndi kutsitsa nambalayi mwadala, koma mapikiyapu athu akalewa amatsata zimene ndanenazi.

Pali kuyeza kwina kumene amakaniko ambiri a m'mbali mwa msewu sachita, koma kumagwira mbala yeniyeni. M'misewu yathu ya fumbi ndi matope, waya wa ethi wochokera pa batire kupita ku injini amachita dzimbiri, ndipo mitu ya batire imamera zoyera ngati mchere. Ikani chingwe chakuda pa mtovu weniweni wa mutu wa −, chofiira pa chitsulo choyera cha injini, mita ili pa 20 pomwe paja, mnzanu n'kuliza injini. Pamalo abwino muona 0.2 kapena kucheperapo. Mukaona theka la volti kapena kuposa, magetsi akutayika panjira. Masulani, palani ndi sandipepa, mangani zolimba. Nthawi zambiri galimoto yomwe imati ikufuna sitata yatsopano imadzuka ndi zimenezi zokha.

A injini za dizilo zovuta kulira m'mawa mu June ndi July, yezani mahita. Chotsani waya pa hita, ikani mita pa maomu 200, chingwe china pamutu pa hita, china pa injini. Hita yamoyo imaonetsa nambala yaing'ono, pafupi ndi 1 kapena 2. Yakufa siisuntha nambala. Kumbukirani kuti maomu ndi kabelu timayeza magetsi atazimitsidwa.

Tsopano bowo la 10A lija, lomwe lapha mita zambiri. Ntchito yake ndi kufufuza chimene chikuba magetsi galimoto ili chiimire. Mumazimitsa zonse, kutseka zitseko, kumasula waya wa −, n'kuika mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Ikaonetsa 0.05 kapena kucheperapo palibe vuto. Ikaposa kwambiri, zulani mafyuzi imodzi imodzi mpaka nambala itagwa. Kwa ine wakubayo inali wailesi yomwe mwana wanga analumikiza molunjika ku batire. Mita ili chomwecho musayerekeze kuliza injini, pakuti sitata imakoka maampu opyola 100. Ndipo mukamaliza, bwezerani chingwe chofiira pa bowo la V nthawi yomweyo. Mukaiwala n'kukagunditsa pa mitu iwiri ya batire, zili ngati mwaika sipanala pakati pake: zingwe zimasungunuka m'manja. Mita yanga yoyamba inathera pamenepo.

Malo awiri musafikeko ndi kamita kotchipa. Koyamba ndi mawaya a mapulagi, omwe amanyamula mavolti zikwizikwi. Kwina ndi magetsi a ESCOM, a mavolti 230 m'nyumba ndi 400 pa chigayo. Kumeneko kumafunika mita yolembedwa CAT III ndi munthu wophunzira ntchitoyo.

Mita nayo ili ndi kabatire kake m'kati, kawirikawiri ka mavolti 9 kamakona anayi kaja. Kakayamba kutha, timita totchipati timawerenga mokweza, mwina n'kukuuzani 14 pa batire la galimoto yozima. Mukaona chithunzi cha batire pakona ya galasi, sinthani kabatireko musanakhulupirire nambala ina iliyonse. Yanga ndimaisunga m'kachitini kotseka bwino kuseri kwa mpando, pamodzi ndi mafyuzi apadera ndi kabuku komwe ndimalembamo tsiku ndi nambala ya batire pa 1 mwezi uliwonse.