MASEWERA OMASULA LILIME LA MWANA

Abale ndi alongo a m'midzi ya kwa Maseya, phunziro la mwezi uno likunena za mwana wocedwa kulankhula. Mwana wotere amasauka mumtima: amva njala osatha kuichula, anzace amseka, ndipo pofika kusukulu akhala kumbuyo cifukwa ca manyazi.

Poyamba tidziwe nyengo zace. Khanda la miyezi 6 liyamba kubwebweta kuti "ba-ba". Pokwana caka cimodzi ana ambiri achula liu loyamba, ndipo pa zaka 2 alumikiza mau awiri, monga "amayi madzi". Kumva Cimang'anja ndi Cisena pakhomo limodzi sikucedwetsa mwana.

Mau salowa mwa mwana ndi ndodo, koma ndi kuceza. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, anasankha ana opinimbira 129. Ena a iwo anayenderedwa sabata ndi sabata zaka 2, amayi ao nalangizidwa kusewera nao ndi zidole zopanga pakhomo. Patapita zaka 20, anawo anali kulandira ndalama zoposa za anzao ndi 25 pa 100. Zidole zotere zipangizo zace ziri pakhomo pathu pomwe.

1. Dambe louma. Ligwedezeni kumbuyo kwa mwana, kumanja, kenaka kumanzere, kuti alondole kumene phokoso licokera. Kumvetsera ndiko ciyambi ca kulankhula. Mukaika nthanga m'cigubu, tsekani kolimba, kuopa angameze natsamwa.

2. Ng'ombe zadothi. Umbani naye ng'ombe, mbuzi ndi ng'ona. Pouma, nyamulani imodzi, muichule dzina ndi kulira kwace, ndipo khalani cete kanthawi muli kumyang'ana. Akuru ambiri alakwa pano, pakuti afulumira kumyankhira mwana asanatsegule pakamwa.

3. Cidole ca citsononkho. Cibvekeni kansanza, mwana acisambitse, acidyetse, acibereke. Akati "gona", inu muti "mwana wagona". Onjezani liu limodzi lokha pa lace.

4. Dengu lobisa. Ikamoni cipande, mphika waung'ono ndi cikho, mubvundikire nsaru. Mwana apise dzanja, aturutse cimodzi, acichule. Akaphonya nati "pika", musamdzudzule. Mungoti, "Inde, mphika", kuti amve kachulidwe koyenera.

5. Ng'oma ya citini. Imbani kamodzi pa cigawo ciri conse ca liu: bwa-to kawiri, mapi-ra ai, koma ma-pi-ra katatu. Sinthanani, inu kenaka iye, pakuti kuceza ndiko kupatsana mpata.

Kanthawi kocepa tsiku ndi tsiku kapambana tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Agogo ndi ana okulirapo athandize. Mwana wacibwibwi musamfulumize, musamtsirizire mau ace, ndipo letsani omnyogodola.

Koma masewera sacotsa nthenda. Kuno kucigwa malungo ngambiri, ndipo akagwira bongo akhoza kusiya mwana wosalankhula bwino. Mafinya a m'khutu nawonso agonthetsa pang'onopang'ono. Cifukwa cace ngati mwana saceuka pomuitana, kapena wakwana miyezi 18 wopanda liu, kapena waleka mau amene anali kuwachula kale, musadikire, ndipo musanamizire mnansi ufiti. Pitani naye ku cipatala ca boma ku Chikwawa kapena ca Montfort ku Nchalo. Makutu amapimidwanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwana wogontha ali ndi nzeru zace zonse, ndipo ku Mary View, ku Nguludi, kuli sukulu ya ana otere. Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba.

MAFUNSO
1. Cifukwa ninji tikhala cete titachula liu?
2. Mwana akaphonya liu, timyankha bwanji?
3. Chulani zizindikiro zitatu zotitumiza ku cipatala.