PA NJIRA YA KU EMAU: Phunziro la Nyengo ya Paskha

Powerenga: Luka 24:13-35.

Pa tsiku lomwelo limene Ambuye Yesu anauka kwa akufa, ophunzira ace awiri anaturuka m'Yerusalemu nalunjika ku mudzi wa Emau. Mmodzi ndiye Kleopa. Winayo Luka sanamchule dzina. Mtunda wace unali mastadiya 60, ndiwo ngati mamailosi 7 kapena makilomita 11, ulendo wa maora awiri kapena atatu kwa munthu woyenda pansi. Marko anaikhudza nkhaniyi m'ndime ziwiri zokha (16:12-13), koma Luka anaifotokoza yonse. Ndipo anacita bwino, pakuti m'mipingo ya ku midzi muli anthu ambiri amene akuyenda ulendo womwewu osadziwa.

Anthu awiriwa sanali akunja, ndiponso sanali mbuli. Anadziwa nchito za Yesu ndi ciphunzitso cace. Anamva za amai aja amene analawirira ku manda napeza mulibe mtembo. Anamva za angelo. Anamvanso kuti anzao ena anathamangirako napeza ziri momwemo. Uthenga wonse wa Paskha unali utalowa kale m'makutu mwao m'mawa womwewo, koma iwo anafulatira mudzi nacoka ndi nkhope zakugwa. Cimene cinawathera ndico ciyembekezo, ndipo pokamba za ico anacikamba ngati cinthu cakale cimene cinapita.

Cifukwa cace sicibvuta kuciona. Kuyambira caka ca 63 Kristu asanabadwe, pamene kazembe Pompey analanda Yerusalemu, Ayuda anali pansi pa dzanja la Aroma, ndipo ambiri analindira mfumu yonga Davide yodzapitikitsa adaniwo. M'malo mwace Pilato, nduna ya Aroma omwewo, anapacika Yesu pa mtanda. Coposa apa, cilamulo ca Mose pa Deuteronomo 21:23 cinaphunzitsa kuti munthu wopacikidwa pa mtengo ali pansi pa temberero la Mulungu. Cotero kwa Kleopa mtanda sunali imfa cabe. Unaoneka ngati ciweruzo ca Mulungu mwini, cakuti munthuyu sanali wace.

Akristu otere alipo mu mpingo uli wonse. Alipo mai amene mwana wace anamwalira akulu a mpingo atapempherera masiku ambiri. Alipo bambo amene anataya mphamvu zace ku migodi ya ku Kitwe kapena ku mafamu, nabwera kwao cimanjamanja ndi cifuwa cosapola. Alipo mkulu amene cimanga cace cinapserera ciri ndi ngaiyaye. Onsewa aloweza Katekisma, ndipo Cikhulupiriro ca Atumwi acinena osaphonya liu. Sakana Mulungu pakamwa. Koma malo ao m'nyumba ya Mulungu ayamba kukhala opanda munthu, Lamulungu limodzi, kenaka mwezi wathunthu. Ndipo usiku wina aonedwa alikugogoda kwa woombeza ula.

Mlendo wa pa njira

Yesu anawapeza alikukambirana, nayamba kuyenda nao, koma maso ao anatsekeka kuti asamzindikire. Coyamba cimene anacita ndico kufunsa. Anawalola akhuthule zonse za m'mtima mwao, ngakhale Kleopa anamyankha mwa cipongwe pang'ono, ngati munthu yekhayo m'Yerusalemu monse wosadziwa zimene zacitika. Pa maliro a ku mudzi munthu wa nzeru ayamba wakhala pansi cete, nafunsa m'mene matenda anayendera, namvetsera kufikira wamasiye atatha. Ambuye anatero. Akulu a mpingo amene ayendera Akristu ofooka aphunzirepo apa, pakuti ena afika pa khomo atanyamula kale mlandu, mwini nyumba asanatsegule pakamwa.

Atamva zonse, pamenepo anawadzudzula, ndipo cidzudzulo cace cinali cakuthwa. Koma wowerenga apenyetsetse pa ndime 25 aone cimene anawadzudzulira. Sanachule za kusamvera amai aja. Anawatsutsa kuti mitima yao inacedwa kulandira zonenedwa zonse za aneneri. Ndipo mtima wa nkhani uli pa liu lakuti zonse. Malembo anawadziwa, koma anawawerenga mosankha, monga mwana atola nyama m'mbale nasiya masamba. Anakonda mau onena za mpando wacifumu, nalumpha onena za mikwingwirima ndi manda. Tsono tsiku la zowawa litafika, anayesa kuti Mulungu walephera, pamene cinali cinthu colembedwa kalekale m'buku lao lomwe.

Matenda amenewa sanathe. Akristu ambiri aloweza Salmo 23, la mbusa ndi msipu wobiriwira, koma sanawerengepo Salmo 22 limene liri pafupi pomwepo, la munthu wolungama wodandaula kuti Mulungu wamsiya. Sanatsegule buku la Yobu, kapena Maliro a Yeremiya, kapena Salmo 88 limene litha mumdima osaonetsa kuunika. Munthu wotere akagwa m'tsoka ayesa kuti ndiye woyamba, ndi kuti Mulungu wa m'Buku sadziwa za njira imene iye alimo.

Cifukwa ninji sanangoonetsa manja ace?

Funso ili liyenera kukhalitsidwa pansi m'kalasi ndi m'Cigwirizano. Yesu akadatha kuthetsa cisoni cao m'kamphindi. Akadatambasula manja naonetsa zipsera za misomali, ndipo nkhani ikadathera pomwepo pa mseu. Koma anabisa nkhope yace nasankha njira yaitali, nayamba pa Mose ndi kupyola mwa aneneri onse, kuwamasulira zonena za Iye mwini.

Anatero cifukwa anadziwa kuti nkhope yace adzaiona kanthawi kocepa, pakuti atapita masiku 40 anakwera kumwamba. Koma Malembo adzakhala nao moyo wao wonse. Cikhulupiriro cobadwa ndi kuona cifuna kuonanso mawa ndi mkuja, ndipo cikapanda kuona cifota. Cimene cazika mizu m'Mau cipirira cirimwe. Ici ndi citonthozo cacikulu kwa Mkristu wa ku Nyanje kapena ku Nsadzu amene anena mumtima mwace kuti akadakhala ndi moyo masiku aja sakadakayika. Cimene cinatenthetsa mtima wa Kleopa pa njira sicinali nkhope, popeza anali asanaizindikire. Anali Malembo otsegulidwa, ndipo amenewo alipo.

Malembo ace anali a Cipangano Cakale okha, pakuti tsiku lija panalibe ngakhale tsamba limodzi la Cipangano Catsopano lolembedwa. Amene anena kuti mabuku 39 oyambawo ndi nkhani za Ayuda zosapindulitsa Mkristu atsutsana ndi Mphunzitsi wa pa njira ya ku Emau. Luka sanalembe ulaliki umenewu, ndipo ambiri amva cisoni pa ici. Komatu mapazi ace aoneka m'kulalikira kwa atumwi. Pa tsiku la Pentekoste Petro anatsimikiza za kuuka kwa Ambuye ndi Salmo 16 ndi Salmo 110 (Macitidwe 2). M'khonde la Kacisi anachula za mneneri wonga Mose wa pa Deuteronomo 18 (Macitidwe 3). Filipo anayambira pa Yesaya 53 pophunzitsa mdindo wa ku Aitiopiya m'gareta (Macitidwe 8). Yesu mwini anali atalozera kale ku njoka yamkuwa ya pa Numeri 21, ku Yona m'mimba mwa cinsomba, ndi ku mbusa wokanthidwa wa pa Zekariya 13. Banja limene lidzawerenga macaputala amenewa, limodzi usiku uli wonse, lidzatha sabata lirikuyenda m'mbuyo mwa anthu atatu aja.

Pamene amishoni a Dutch Reformed Church anamanga ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, kunalibe Baibulo lathunthu m'Cinyanja. Akristu oyamba anakhala ndi zigawo cabe, ndi ndime zoloweza pamtima. Buku Lopatulika lathunthu linaturuka m'caka ca 1922, atagwira nchito zaka zambiri Mbusa William Murray ndi anzace, Azungu ndi eni cinenero pamodzi. Ndipo m'caka ca 1998 kunabweranso Buku Loyera, m'mau a masiku ano. Tsono lero kusowa sindiko kwa buku ai. M'nyumba zambiri Baibulo ligona pansi pa bokosi, lokulungidwa m'nsaru pamodzi ndi kalata ya ubatizo, ndipo amene alitsegula kawirikawiri ndiwo ciswe ndi mphemvu. Ena alitsamira pogona kuti liwacinjirize kwa mfiti, nalisandutsa cithumwa. Buku lotseka silinatenthetsepo mtima wa munthu.

Wosadziwa kuwerenga asadziyese wotayika. Kleopa sananyamule mpukutu pa njira. Anamva ndi makutu. Mdzukulu wa ku sukulu akhoza kuwerengera agogo ace pa kuunika kwa koloboyi, ndipo kawirikawiri gogoyo ndiye adzamasulira mwanayo cimene wawerenga.

Pa cakudya ca madzulo

Atafika pa mudzi, Yesu anacita ngati apitirira. Sakakamiza munthu kumlandira. Akulu anati mlendo ndi mame. Ukacedwa upeza wauma. Iwo anamuumiriza kuti agone, popeza dzuwa linali litapita, ndipo anatero asanadziwe kuti ndi yani. Anangoona munthu wa pa ulendo amene mdima ukampeza pa njira.

M'nyumbamo munacitika codabwitsa. Mlendo sagawa cakudya pa khomo la eni. Koma uyu anatenga malo a mwini nyumba. Mkate unalowa m'manja mwace, anaudalitsa, anaunyema, anawagawira: zinthu zinai zomwezo zimene Luka anazilemba pa kudyetsa anthu 5,000 (9:16). Pomwepo anamzindikira. Augustine, mphunzitsi wamkulu wa ku Afrika wa kumpoto, anayesa kuti uwu unali Mgonero wa Ambuye. John Calvin anaona mwina: kuti cinali cakudya wamba, ndi kuti anamdziwira pa mapempheredwe ace amene anawazolowera. Zioneka kuti Calvin ali pafupi ndi mau a Luka, pakuti cikho sicichulidwa, ndipo awiriwa sanali mwa khumi ndi awiri aja. Ngati nditero, phunziro lace likula. Ambuye wouka kwa akufa anadziwika pa cakudya ca anthu otopa, m'nyumba ya pa mudzi wopanda mbiri, osati m'Kacisi. Mphasa imene banja likhalapo kudya nsima ndi ndiwo za nkhwani siiri yocepa kwa Iye.

Luka analemba m'Cihelene, ndipo m'caputala ici anabwereza liu limodzi lotanthauza kutsegula katatu: pa maso (ndime 31), pa Malembo (ndime 32), ndi pa nzeru za ophunzira (ndime 45). Ndi liu lomwelo limene analembera za mtima wa Lidiya pa Macitidwe 16:14. Ponse wotsegula si munthu mwini. Cifukwa cace kuwerenga kuyambe ndi pemphero, pakuti alembi a m'Yerusalemu anawerenga Yesaya tsiku ndi tsiku osaona kanthu. Pa Genesis 3:7 pali anthu awiri ena amene anadya, maso ao natseguka, naona umarisece wao. Awa a ku Emau analandira cakudya, naona Mpulumutsi.

Atangomzindikira anawacokera. Pamenepo ndi pamene anakumbutsana za kutentha kwa mitima yao pa njira. Apa pali cinthu cimene Mkristu wobvutika acisunge. Yesu sanafike pa nthawi ya mkate; analipo kuyambira pa mseu, pa ora limene iwo ananena kuti zonse zatha, ndipo anamuuza Iye mwini kuti Yesu wafa. Yakobo nayenso ku Beteli, pothawa Esau, anadziwa atauka m'tulo kuti Mulungu anali pa malo pamene anagona ndi mwala kumutu (Genesis 28). Kukhalapo kwa Mulungu kumazindikirika kawirikawiri poceuka m'mbuyo. Mai uja amene anaika mwana wace adzakumbukira patapita nyengo mnansi amene anamtungira madzi mwezi wathunthu, ndi ndime imene inamfikira pakati pa usiku osaiitana.

Koma pafunika cenjezo. Si kutentha kuli konse kwa mtima kumene kucokera kwa Ambuye, ndiponso si loto liri lonse. Alipo aneneri oyendayenda amene aonetsa anthu masomphenya naloza mbale wao kuti ndiye mfiti, Baibulo liri cotseka m'khwapa. Pa njira ya ku Emau Malembo anatsogola, kuzindikira kunatsata. Ndipo cimene anaciona pa mkate cinabvomerezana ndi cimene anacimva mwa Mose ndi aneneri.

Ananyamuka nthawi yomweyo. Anthu amene analetsa mlendo kuyenda cifukwa ca mdima anayenda okha mumdimamo mamailosi 7, kubwerera ku mudzi umene anaufulatira. Anapeza khumi ndi mmodziwo atasonkhana ndi anzao, ndipo asanayambe nkhani yao anauzidwa kuti Ambuye waonekera kwa Simoni. Kenaka anafotokoza zao, za pa njira ndi za mkate. Ali cilankhulire, Yesu anaimirira pakati pao, naonetsa manja ndi mapazi ace, nadya cidutswa ca nsomba yooca. Ndipo atatha kudya anayambanso kuwaphunzitsa za m'cilamulo ca Mose, ndi aneneri, ndi Masalmo.