Achinyamata a eni nthaka ku Canada: dokotala ayankha makalata a omvera

Pulogalamu ya mafunso ndi mayankho ya sabata ino inayamba ndi kalata ya mayi wina wa ku Malawi amene ndi namwino ku Winnipeg, m'dziko la Canada, ndipo amamvera wailesi pa intaneti. Muulutsi anaiwerenga mosathamanga: "A dokotala, achinyamata a mitundu ya eni nthaka kuno, monga a Cree ndi a Ojibwe, amafika kuchipatala atathedwa nzeru, ena atayesa kudzipha. Ndikawafunsa amangoti duu, makolo awonso amandiyang'ana mwamantha. Ndikulakwitsa pati?"

"Mayi, manthawo munawapeza, ndi akalekale," anayankha dokotala wa matenda a maganizo.

Anafotokoza kuti kwa zaka zoposa 100, boma la Canada pamodzi ndi mipingo linkalanda ana a mitunduyi n'kukawatsekera m'sukulu zogonera komweko. Ana pafupifupi 150,000 anadutsamo. Ankawaletsa kuyankhula chinenero chawo, ambiri anachitidwa nkhanza, ndipo ena anafera komweko. Sukulu zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo bungwe lofufuza za nkhanzazi linatulutsa lipoti lake mu 2015. Mwana wokulira kumeneko sanaone mmene kholo limalerera. Atakula, ambiri chisonicho anachimiza m'mowa, ndipo chinagwera ana awo. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti ana a eni nthaka ndi 7.7 peresenti ya ana osakwana zaka 15, koma ndi 53.8 peresenti ya ana amene akuleredwa ndi anthu ena kudzera m'boma. N'chifukwa chake kholo likaona namwino atagwira fomu ndi cholembera, mtima umagunda poganiza kuti mwana wapita.

Dokotalayo analangiza namwinoyo kuti fomu ibwere pambuyo. Ayambe wadzitchula dzina ndi kwawo, kenako afunse wachinyamatayo amene akufuna kuti akhale naye pafupi, kaya ndi agogo, azakhali kapena mkulu wa mtundu wawo. Banja likapempha kuchita mwambo wawo wofukiza masamba a sage, alipezere malo. Anatchulanso lamya ya Hope for Wellness, imene imapereka uphungu m'zinenero za Cree, Ojibwe ndi Inuktitut munthu akapempha.

Bambo wina wa ku Kasungu anafunsa ngati chikhalidwe chimachizadi, kapena ndi zongodzitonthoza. Dokotala anatchula kafukufuku wa Michael Chandler ndi Christopher Lalonde wa 1998 ku British Columbia. Iwo anapeza kuti m'madera amene eni nthaka amayendetsa okha sukulu, zaumoyo ndi nkhani za malo awo, achinyamata odzipha anali ochepa kwambiri. Kafukufuku wina wa 2007 anaonetsa kuti kumene anthu ambiri ankayankhulabe chinenero chawo, imfa zotere zinali zosowa. Ku New Zealand, dokotala wa Chimaori Mason Durie anayerekeza thanzi ndi nyumba ya makoma anayi: thupi, maganizo, mzimu ndi banja. "Koma bambo, mwana akamamva mawu a anthu osaoneka kapena akasiya kudya ndi kugona, amafunika chipatala ndi mankhwala. Achibale azipita naye limodzi," anachenjeza motero.

Kalata yomaliza inali ya agogo a ku Ntcheu. Mdzukulu wawo wa Fomu 3 wasiya kucheza ndi anzake, akusuta chamba, ndipo wanenapo kawiri kuti bola kungofa.

Apa dokotala sanazungulire. "Agogo, mawu amenewo musawatenge ngati chibwana. Lero lomwe khalani naye pansi, mumufunse mosapsatira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Tameki, mankhwala a m'chimanga ndi zingwe zichoke m'nyumba, ndipo asagone yekha. Mawa mupite naye kuchipatala cha boma, ndipo malume ake akhalepo." Anawonjeza kuti chipatalacho chikaona kuti vuto ndi lalikulu chimatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital, komanso kuti a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Muulutsi anabwereza kawiri nambala yaulere yothandiza ana, 116, kuti agogowo ailembe.